Kodi alipo anaonapo Madalitso? Mafunso ndi mayankho pa nkhani yojambula mapulaneti akutali

Mu Disembala 2019 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linalengeza mayina a nyenyezi ndi mapulaneti amene mayiko oposa 100 anasankha. Zambia inapatsidwa nyenyezi imene m'mabuku inkangodziwika ndi nambala yoti HD 85390, pamodzi ndi pulaneti lake. Nyenyeziyo anaitcha Natasha, pulanetilo Madalitso. Choncho kuthamboku kuli dziko lathunthu lokhala ndi dzina limene amayi a ku Kaumbwe, m'boma la Petauke, amaitanira ana awo kukada. Koma palibe munthu kapena makina amene anaonapo dzikolo, ndipo nkhani yonse yofunafuna zamoyo kunja kwa dziko lathu yakodwa pa vuto limeneli.

Ngati palibe analiona, anadziwa bwanji kuti liliko?

Nyenyezi ndi dzuwa ngati lathuli, kungoti ili kutali. Pulaneti ndi dziko lozungulira nyenyezi, ndipo kuwala kumene limaoneka nako ndi kobwereka kwa nyenyezi yake. Nthanda ija imawala mbandakucha si nyenyezi ayi, ndi pulaneti la Venus, loyandikana nafe. Pulaneti likamazungulira limakoka nyenyezi yake, moti nyenyeziyo imagwedera, kusendera kwa ife kenako n'kubwerera. Kugwederako ndi kochepa zedi: Jupiter, ndi kukula kwake konse, amagwedeza dzuwa pa liwiro la mamita 12 okha pa sekondi, pamene dziko lathu limaligwedeza masentimita 9. Komabe kumasintha maonekedwe a kuwala kwa nyenyezi, ndipo makina amatha kuyeza kusinthako. Umu ndi mmene Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland anapezera 51 Pegasi b mu 1995, pulaneti loyamba kupezeka pa nyenyezi yonga dzuwa, ndipo anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2019. Pulaneti la Madalitso nalonso linapezeka mwa njira yomweyi, ndi makina otchedwa HARPS a ku La Silla m'dziko la Chile. Tikudziwa kuti chaka chake chimatenga masiku pafupifupi 800, kuti limalemera kuposa dziko lathu maulendo osachepera 30, ndiponso kuti kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 109 kuti kutifike.

Njira yachiwiri ndi yodikira kuti pulaneti lidutse pakati pa ife ndi nyenyezi yake, kuwala kuzilale pang'ono. Telesikopu ya Kepler, imene inaponyedwa kuthambo mu 2009, inapeza mapulaneti oposa 2,600 mwa njira imeneyi. Mu 2025 chiwerengero cha NASA cha mapulaneti otsimikizika chinadutsa 6,000. Njira ziwirizi ndi zodalirika ndipo sindikuzinyoza, koma zonse zimayang'ana nyenyezi, pulanetilo n'kumangoliganizira kuchokera pa zimene likuchitira nyenyeziyo. Zimatiuza kulemera, kukula ndi kutalika kwa chaka. Venus ndi dziko lathu n'zofanana pafupifupi pa kukula ndi kulemera komwe, moti woyeza ali kutali akanati ndi mapasa. Chikhalirecho pa Venus kutentha kumafika madigiri 460 ndipo mtovu umasungunuka.

Nanga zithunzi zokongola zija zimayenda pa Facebook ndi WhatsApp, zoonetsa nyanja ndi mitambo?

Zimenezo amajambula ndi akatswiri azojambulajambula pa kompyuta, mongoyerekeza. Palibe telesikopu imene inaonapo phiri, nyanja kapena mtambo pa pulaneti la nyenyezi ina. Zithunzi zenizeni sizikopa maso, kumangokhala kadontho kofiirira pambali pa malo akuda pamene nyenyezi yabisidwa. Choyamba chinajambulidwa mu 2004 ndi gulu la Gaël Chauvin pa telesikopu ya Very Large Telescope ku Chile, ndipo pulanetilo, 2M1207b, linatheka kuoneka chifukwa chimene limazungulira si nyenyezi yokhwima koma chinthu chozizira, chosawala kwenikweni. Mu 2008 Christian Marois ndi anzake, ndi matelesikopu a Keck ndi Gemini ku Hawaii, anajambula mapulaneti atatu ozungulira nyenyezi ya HR 8799, ndipo lachinayi linaoneka mu 2010. Zithunzi za zaka zambiri ataziphatikiza, timadonthoto timaoneka tikuyenda mozungulira. Telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa pa 25 Disembala 2021, inajambula HIP 65426 b mu 2022, ndipo mu Juni 2025 gulu la Anne-Marie Lagrange linalengeza TWA 7 b, lolemera pafupifupi ngati Saturn. Pa mapulaneti 6,000 aja, ojambulidwa chonchi safika 100, ndipo onse ndi zimphona za mpweya. Longa dziko lathu palibe ndi limodzi lomwe.

Chimavuta n'chiyani? Si kungopanga telesikopu yaikulu basi?

Kukula kumathandiza, koma vuto lalikulu si kutalika kwa mtunda, ndi kuthobwa m'maso. Amene anayendapo usiku m'mbali mwa msewu wa Great East pakati pa Nyimba ndi Petauke amadziwa kuti lole ikabwera itayatsa magetsi onse, wanjinga amene ali pambali pake saoneka mpaka utatchinga magetsiwo ndi chikhatho. Kuthambo kusiyanako ndi koopsa. Woyang'ana kuchokera kutali angaone dzuwa likuwala kuposa dziko lathu kuwirikiza ka 10 biliyoni, ndipo ziwirizo zingaoneke zitagundana, ngati chinthu chimodzi. Ntchito yonse ndi yopeza njira yozimitsira kuwala kwa nyenyezi popanda kuzimitsa kadontho kali m'mphepete mwake.

Chilengedwe chimachita zimenezi pa nthawi ya kadamsana. Pa 21 Juni 2001 mwezi unaphimba dzuwa lonse ku Lusaka, ndipo kwa mphindi zitatu zokha anthu anaona nkhata yotuwa yozungulira dzuwa, imene imakhalapo masiku onse koma imabisika m'kuwala. Ku Petauke ndi ku Nyimba mbali yaikulu ya dzuwa inaphimbikanso tsikulo. Katswiri wa ku France, Bernard Lyot, anapanga cha m'ma 1930 chipangizo chochitira kadamsana m'kati mwa telesikopu, chotchedwa coronagraph, ndipo zidzukulu za chipangizo chake ndi zimene zikugwira ntchito lero. Matelesikopu apansi pano ali ndi vuto linanso la mpweya. Kuphethira kwa nyenyezi kumene timakuona usiku si kwa nyenyeziyo, ndi mpweya wathu umene ukupotoza kuwala. Kuti athane nazo amaika kalirole wopyapyala amene kompyuta imamupinda maulendo oposa 1,000 pa sekondi, kuwongola zimene mpweya wapotoza. Ndi zonsezi, zimene akwanitsa ndi kuzimitsa nyenyezi kufika pa gawo limodzi mwa magawo miliyoni kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake ojambulidwa kale aja ndi ofanana: aakulu, otalikirana ndi nyenyezi zawo, ndiponso aang'ono msinkhu, otenthabe ndi moto wa kubadwa kwawo, moti amanyeka okha m'kuwala kwa infrared kumene maso athu saona. Madalitso lili pafupi kwambiri ndi Natasha ndipo linazizira kalekale, kotero makina alipowa sangalione.

Kadontho kamodzi kangatiuze chiyani za moyo? Si kutaya nthawi kumeneko?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Phindu la chithunzi sili pa maonekedwe ake, lili pakuti kuwala kwa kadonthoko ndi kwa pulaneti lenilenilo, kolekanitsidwa ndi kwa nyenyezi. Kuwala kumeneko kunadutsa mumpweya wa pulanetilo, kukagunda pansi n'kubwerera. Kukagawidwa m'mitundu yake monga zimakhalira ndi utawaleza, pamaoneka mipata yakuda, chifukwa mpweya uliwonse umameza mitundu yakeyake ndipo sizisokonezeka: nthunzi ya madzi ili ndi mipata yake, okosijeni yake, methane yake. Munthu wodziwa kuwerenga mipatayo amadziwa zimene zili mumpweya wa dziko limene sadzafikako.

Njirayi inayesedwa kale pa dziko limene yankho lake tikulidziwa. Mu Disembala 1990 chombo cha Galileo, popita ku Jupiter, chinadutsa pafupi ndi dziko lathu, ndipo Carl Sagan ndi anzake anachigwiritsa ntchito ngati kuti sadziwa kuti kuno kuli zamoyo. Zimene analemba mu 1993 zinali izi: madzi ambiri, okosijeni wochuluka modabwitsa, methane, ndiponso chinthu china chofala pamtunda chimene chimameza kuwala kofiira n'kubweza kwa infrared, chomwe ndi masamba a zomera. Umboni wamphamvu sunali okosijeni payekha kapena methane payekha, koma kupezeka kwa ziwirizo pamodzi. Okosijeni amawononga methane m'zaka zochepa, ndiye ngati zonse zilipobe, pali chimene chikuthirira tsiku ndi tsiku. Kwathu kuno othirirawo ndi zomera mbali ina, ndipo mbali inayo ndi tizilombo ta m'madambo, m'mimba mwa ng'ombe ndi mwa chiswe. Kadontho koyang'aniridwa kwa miyezi kangaulule zinanso. Kusinthasintha kwa kuwala kwake kungasonyeze kutalika kwa tsiku, kusinthana kwa nyanja ndi mtunda pamene pulaneti likutembenuka, ngakhale nyengo za chaka.

Wina angatsutse kuti James Webb imawerenga kale mpweya wa mapulaneti popanda kuwajambula, poyeza kuwala kwa nyenyezi kumene kwasefedwa ndi mpweya wa pulaneti likamadutsa kutsogolo. Zimenezo n'zoona, ndipo zapindula kwambiri pa mapulaneti aakulu. Koma njirayo imafuna mwayi woti pulaneti lidutse ndendende pamzere wa maso athu. Pa mapasa a dzuwa ndi dziko lathu, mwayi wake ndi umodzi pa 200, ndipo ngakhale utapezeka, kudutsako kumachitika kamodzi pachaka kwa maola pafupifupi 13. Njirayi imayenda bwino pa nyenyezi zazing'ono zofiira monga TRAPPIST-1, imene mu 2017 inadziwika kuti ili ndi mapulaneti 7 amiyala. Koma nyenyezi zotere zimalavula malawi amene angakokolole mpweya wa mapulaneti ake, ndipo la m'kati kwenikweni mwa 7 aja Webb inalipeza likuoneka kuti lilibe mpweya wochindikala. Ngati funso lathu ndi loti kaya pa nyenyezi zonga dzuwa pali mayiko onga lathu, sitingachitire mwina koma kujambula.

Koma si paja analengeza kale kuti zizindikiro za moyo zapezeka?

Analengeza kangapo, ndipo mbiri yake ndi yophunzitsa. Mu Ogasiti 1996 asayansi a NASA anati mwala wochokera ku Mars wotchedwa ALH84001 uli ndi zotsalira za tizilombo, mpaka Pulezidenti Bill Clinton analankhulapo, koma kenako zinaoneka kuti zooneka ngati tizilombozo zingapangike popanda moyo. Mu Sepitembala 2020 gulu la Jane Greaves linati lapeza mpweya wa phosphine m'mitambo ya Venus, ndipo ena atayezanso anapeza wochepa kwambiri kapena sanaupeze n'komwe. Mu Epulo 2025 Nikku Madhusudhan wa ku Cambridge anati pa K2-18b, pulaneti limene kuwala kwake kumatenga zaka 124 kutifika, pali zizindikiro za dimethyl sulfide, mpweya umene kuno umapangidwa makamaka ndi tizomera ta m'nyanja. Pasanathe miyezi, magulu ena anawerenganso manambala omwewo n'kupeza kuti chizindikirocho n'chofooka ndipo mipweya ina ingachifotokoze. Ngakhale chithunzi chimanyenga. Mu 2008 telesikopu ya Hubble inaonetsa kadontho pambali pa Fomalhaut, nyenyezi yowala imene timaiona bwino kuno, ndipo kanalowa m'mabuku ngati pulaneti. Pofika 2020 kanali katafufuma n'kuzilala, ndipo kanadziwika kuti ndi fumbi la miyala iwiri imene inagundana.

Ena amamva izi n'kunena kuti asayansi ndi abodza. Ine ndimaona mosiyana: amene anagwetsa zonenazo ndi asayansi anzawo, pogwiritsa ntchito manambala amene oyambawo anaika poyera. Chimene mbiriyi imasonyeza ndi chakuti mpweya umodzi sungaweruze nkhaniyi. Okosijeni angachuluke popanda chamoyo ngati kuwala kwa nyenyezi kukuphwanya nthunzi ya madzi, hydrogen n'kuthawira kuthambo. Komanso kusowa kwa okosijeni sikutanthauza kuti kulibe moyo, pakuti dziko lathu linali ndi tizilombo zaka 3.5 biliyoni zapitazo, pamene okosijeni anayamba kuchuluka mumpweya zaka 2.4 biliyoni zapitazo. Woyang'ana nthawi imeneyo akanalemba kuti kuno n'kouma, n'kukhala atalakwa. Chofunika ndi mipweya ingapo yoyezedwa pamodzi, mtundu wa nyenyezi yake, kukula ndi kutentha kwa pulaneti, ndiponso mapulaneti ambiri oti n'kuyerekezera. Lero amene akunena kuti zapezeka ndi amene akunena kuti kulibe, onse akulankhula umboni usanafike.

Nanga ana a sukulu a ku Zimbabwe amene anati anaona zolengedwa zachilendo? Ndipo bwanji osangomvetsera mawailesi awo?

Pa 16 Sepitembala 1994 ana pafupifupi 60 a sukulu ya Ariel ku Ruwa anafotokoza kuti anaona chombo chitatera ndi zolengedwa pambali pake. Masiku awiri m'mbuyo mwake anthu ambiri kum'mwera kwa Africa anali ataona chimoto chikudutsa kuthambo, chimene chinali chidutswa cha roketi chikugwa, ndipo nkhani za zombo zachilendo zinali m'kamwam'kamwa. Sindikunena kuti anawo ananama. Ndikunena kuti zimene anaona palibe angaziyezenso, pamene kuwala kwa pulaneti munthu wa ku Chile ndi wa ku Hawaii angakuyeze payekhapayekha n'kutsutsana. Nayonso mizere ya timagetsi imene imaoneka ikuyenda mondondozana madzulo masiku ano si zombo zachilendo, ndi masetilaiti a Starlink.

Kumvetsera kunayamba mu 1960 pamene Frank Drake analozetsa telesikopu ya wailesi ya ku Green Bank pa nyenyezi ziwiri, Tau Ceti ndi Epsilon Eridani. Lero ntchitoyi ili pafupi nafe: kuyambira 2022 pulojekiti ya Breakthrough Listen imasefa zonse zimene madishi 64 a MeerKAT, ku Karoo m'dziko la South Africa, akutola. Chizindikiro chimene chinautsa chiyembekezo, chotoledwa mu 2019 ku Parkes ku Australia kuchokera chakumene kuli nyenyezi ya Proxima Centauri, chinapezeka mu 2021 kuti ndi phokoso la zipangizo za anthu. Kumvetsera n'kotchipa ndipo kupitirire, koma kungapeze okhawo amene ali ndi wailesi. Pa zaka mabiliyoni zimene dziko lathu lakhala ndi zamoyo, wailesi yakhalapo zaka zosafika 150. Dziko lodzaza nkhalango ndi nsomba silingamveke pa MeerKAT, koma mumpweya wake lingaoneke.

Ndalama zonsezi, pamene anthu ku Kaumbwe akulimbana ndi chilala ndi mtengo wa feteleza, n'chilungamo?

Funsoli si lopusa, makamaka kwa amene anaona chimanga chikupserera mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, magetsi a ku Kariba n'kuchepa. James Webb inadya madola pafupifupi 10 biliyoni, ndipo chithunzi cha pulaneti sichidzadzaza nkhokwe ya munthu ku Kaumbwe. Koma ndalamazo zinachokera ku America, Europe ndi Canada, ndipo palibe chosonyeza kuti telesikopuyo ikanalephereka zikanabwera kudzagula feteleza. Funso lenileni la Zambia ndi loti kaya ikhale ndi anthu odziwa ntchitoyi kapena ayi. Luso lowerenga kuwala ndi limodzi. Chizindikiro cha masamba chimene Galileo inaona ndi chomwecho chimene masetilaiti amayeza pa minda ya Eastern Province kuti adziwe kumene mbewu zikufota kukolola kusanafike. Wophunzira kusefa kadontho m'phokoso la manambala angawerengenso mitambo, madzi a m'damu ndi miyala ya m'migodi.

Khomo lake lilipo kale. Zambia ili m'gulu la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa telesikopu yaikulu ya wailesi ya Square Kilometre Array, pamodzi ndi Mozambique, Botswana, Namibia, Kenya, Ghana, Madagascar ndi Mauritius, ndipo pulogalamu ya DARA yakhala ikuphunzitsa achinyamata a m'mayikowa, a ku Zambia omwe, sayansi imeneyi. Ghana inasandutsa dishi yake yakale ya matelefoni ku Kuntunse kukhala telesikopu mu 2017. Anthu amakonda kuseka Edward Mukuka Nkoloso, amene mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata ulendo wa kumwezi powagubuduza m'migolo pafupi ndi Lusaka. Migoloyo inali yoseketsadi, koma maganizo oti nzika ya Zambia ili ndi gawo kuthambo sanali olakwika. Chimene chinasowa ndi masamu ndi zipangizo.

Tsono chithunzi cha dziko longa lathu tidzachiona liti?

Si posachedwa. Telesikopu ya NASA ya Nancy Grace Roman ili ndi coronagraph yoyesera, imene cholinga chake ndi kufika pa mapulaneti onga Jupiter owala ndi kuwala kobweza chabe. Ku Cerro Armazones ku Chile akumanga Extremely Large Telescope, ya kalirole wa mamita 39, yoyembekezeka kuyamba ntchito cha m'ma 2030. Imene ikukonzedwera ntchito yeniyeniyo ndi Habitable Worlds Observatory, imene akatswiri a ku America anailimbikitsa mu 2021 kuti idzajambule ndi kuyeza mapulaneti pafupifupi 25 onga dziko lathu, ndipo sikuyembekezeka kuuluka zisanafike zaka za m'ma 2040. Nambala ya 25 ili ndi chifukwa chake: ngakhale onse atapezeka ouma, tidzadziwa kuti moyo si wofala, ndipo limenelonso ndi yankho. Madalitso silili pamndandanda wotere, chifukwa kulemera kwake kukusonyeza chimphona cha mpweya chopanda nthaka yopondapo.

Malo oyamba kuyang'ana ali pamwamba pathu. Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa nyenyezi ziwiri zoloza ku mtanda wa kum'mwera, ili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka 4 ndi miyezi ingapo, ndipo mu Ogasiti 2025 asayansi analengeza kuti Webb inaona kadontho pambali pa imodzi mwa nyenyezi zimene zimapanga Alpha Centauri, ngakhale kuti sikanatsimikizike. Ku London nyenyezi imeneyi situluka n'komwe, pamene ku Kaumbwe, kumene magetsi sanaphimbe Mlalang'amba, mwana amaiona ali pakhomo. Mwana amene ali giredi 5 lero adzakhala wa zaka za m'ma 30 pamene manambala a Habitable Worlds Observatory azidzawerengedwa. Aphunzitsi ndi makolo a ku Petauke ndi ku Nyimba, mwana wotere akamakonda masamu ndi sayansi, kaya ndi mtsikana kaya mnyamata, musamusiyitse sukulu.